Dzina likadetsedwa ndi mlandu wakale: zoyenera kuchita, kuyambira kuno ku Chipata

Mwana wa mlongo wanga anafika kwathu ku Kapata dzuwa litapendeka, envelopu yakhaki ili m'manja, nkhope ili yakugwa. Anali atamva za ntchito yaulonda pa kampani ina, ndipo anamuuza kuti asanamulembe abweretse kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu. Mnyamatayo anadziwa pamene pali minga. Zaka zinayi m'mbuyomo anagona m'selo masiku atatu chifukwa cha ndewu ya pa mpira wa m'mudzi. Apolisi anamudinda zala, nkhani inafika kukhoti, kenako makolo a mbali zonse ziwiri anakhala pansi ndipo inathera pomwepo. Tsikulo sanatalikitse moni. "Amalume, pali munthu wandiuza kuti ndikamupatsa ndalama akafufuta dzina langa mu kompyuta ya apolisi. Mundikongozeko."

Ndinakana. M'malo mwake tinayenda limodzi njira ya maofesi, ndipo zimene ndalemba pano ndi zomwe tinaphunzira m'njiramo pamodzi ndi zimene malamulo athu amanena. Ndikulembera inu amene mtima umagunda mukamva kuti pakufunika police clearance, kalata ya kupolisi ija, komanso inu amalume, azakhali ndi makolo amene mumaperekeza ana oterewa.

Tiyambe ndi chowawa, kuti musataye ndalama. Pa intaneti padzaza nkhani za ku America ndi ku Britain zonena kuti mbiri ya mlandu imatsekedwa kapena kufufutidwa pakapita zaka. Ku Britain kuli lamulo la 1974 lotchedwa Rehabilitation of Offenders Act, lolola munthu kusatchulanso milandu ina nthawi yake ikadutsa. Ku South Africa nakonso kuli njira yake, ndipo ndiikamba kumunsiku chifukwa ambiri a ife tinakhalako ku Joni. Koma kuno ku Zambia mukatsegula Penal Code kapena Criminal Procedure Code, malamulo a milandu ndi kazengedwe kake, simupezamo fomu yoti munthu wopezeka wolakwa adzaze pakatha zaka zisanu kapena khumi kuti mbiri yake ichoke. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo m'mabuku a boma mawuwa amagwiradi ntchito. Ine ndimaona kuti apa lamulo lathu likuperewera: amene anaba nkhuku ali ndi zaka 19 sayenera kumanidwa ntchito ali ndi zaka 45. Komabe zitseko zina ndi zotseguka, ndipo anthu ambiri amene amayenda atawerama alibe n'komwe mlandu pamaso pa lamulo. Sakudziwa chabe.

Choyamba: dziwani mmene nkhani yanu inathera

Pano m'pamene pagona zonse, ndiye ndichedwapo. M'mudzi timangoti "anamangidwapo", mawu amodzi okutira zinthu zosiyana kwambiri. Khalani pansi, funsani amene anakuperekezani nthawi imeneyo, mukumbutsane bwino kuti inu muli pati.

Pali amene anagwidwa, kugona m'selo, kutuluka pa bondi ya polisi, nkhani osafika kukhoti. Ameneyu sanapezeke wolakwa. Gawo 18 la malamulo oyendetsera dziko limati munthu aliyense woimbidwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa kapena iye atavomera yekha. Selo si chigamulo. Ndionjezerepo kuti bondi ya polisi ndi yaulere. Ngati munalipira kanthu popanda risiti, sizinali za boma.

Pali amene anafika kukhoti koma wodandaula anachotsa dandaulo lake. Gawo 201 la Criminal Procedure Code limati khoti likalola zimenezi, woimbidwa mlandu amamasulidwa ngati wosalakwa. Gawo 8 la lamulo lomweli limalolanso khoti la majisitireti kuyanjanitsa anthu pa nkhani ngati za ndewu wamba, kenako kuimitsa mlandu.

Pali amene mlandu wake unachotsedwa ndi oimira boma. Apa mvetsetsani bwino. Gawo 88 la lamulo lomweli limati akauchotsa inu musanayambe kudziteteza, mumatuluka koma akhoza kudzakuimbaninso mlandu womwewo. Akauchotsa mutaitanidwa kale kuti mudziteteze, mwamasulidwa kotheratu. Koma mkulu woimira boma pa milandu, amene timangoti DPP, akalowetsa chimene amachitcha nolle prosequi, mumapita kwanu koma khomo la mlanduwo silinakhomedwe. Ngakhale zili choncho, simunapezeke wolakwa.

Pali amene mlandu unazengedwa mpaka kumapeto ndipo woweruza anati alibe mlandu. Ameneyu sangazengedwenso pa nkhani yomweyo.

Ndiye pali amene anapezeka wolakwa, ndipo m'gulu ili muli anthu ambiri amene amaganiza kuti sali m'menemo. Munthu amene anapatsidwa chilango choimikidwa, woweruza n'kunena kuti pita kwanu koma ukalakwanso m'zaka ziwiri udzalowa, amafika kumudzi akuvina kuti andimasula. Ayi, anapezeka wolakwa, kungoti sanalowe m'ndende. Amene analipira faindi kukhoti, amene anauzidwa kukagwira ntchito yothandiza anthu pa chipatala kapena pa sukulu, onsewa anapezeka olakwa. Ngakhale pepala lija lovomera kulakwa, limene anthu amasaina pa milandu ing'onoing'ono n'kulipira kuti asapite kukhoti, dzina lake lomwelo likunena kuti mwavomera. Ngati muli ndi mwana amene lero akukakamizidwa ndi anzake kuti "ungovomera zithe msanga", muuzeni kuti zimatha msanga tsiku limenelo lokha.

Chachiwiri: katengeni pepala la kukhoti

Kukumbukira kwanu sikulemera kanthu pa tebulo la ofesi. Chimene chimalemera ndi pepala lokhala ndi chidindo. Pitani ku khoti lomwe linazenga mlandu wanu, kaya ndi la Chipata, Katete, Petauke, Lundazi kapena lina, mukafunse ku ofesi yosungira mafayilo. Fayilo imakhala kumene mlandu unazengedwera, choncho amene anaweruzidwa ku Lundazi asataye nthawi pa khoti la Chipata.

Nyamulani reji yanu, chitupa cha boma chosonyeza kuti ndinu yani. Ngati mukukumbukira nambala ya mlandu, ntchito yapepuka. Ngati mwaiwala, nenani chaka, mwezi, mtundu wa mlandu, polisi yomwe inakugwirani ndi dzina lonse monga linalembedwera nthawi imeneyo. Ambiri pogwidwa amatchula dzina la kunyumba kapena la bambo owalera, losiyana ndi la pa reji, ndiye kalaliki amafufuza dzina lina pamene fayilo ili pa dzina lina. Pemphani kope lotsimikizidwa la chigamulo kapena la lamulo lomaliza la khoti. Pakakhala malipiro, lipirani kwa wolandira ndalama wa boma ndipo mutenge risiti.

Ife tinapita kawiri. Ulendo wachiwiri kalaliki anatulutsa mtolo wa mafayilo omangidwa ndi chingwe, fumbi lili mbuu, n'kumatsegula imodzi imodzi akunyowetsa chala. Fayilo ya mnyamata wathu inali yopyapyala, masamba asanu ndi limodzi okha. Pa tsamba lomaliza, m'zolemba za pamanja za woweruza, panali mizere iwiri: wodandaula wachotsa dandaulo, woimbidwa mlandu wamasulidwa. Mnyamatayo anawerenga katatu. Zaka zinayi zonsezo ankadziyesa chigawenga, ankaopa ngakhale kulembetsa maphunziro a zamanja, pamene khoti linamuyeretsa tsiku lomwelo iye ali chiimire m'bokosi, osamva Chingerezi chimene chinanenedwa. "Amalume, bwanji sanandiuze?" Anamuuza, koma mantha anali atatseka makutu. Safunsa anadya phula.

Mukalandira pepalalo, jambulani makope atatu ndipo mulijambulenso pa foni. Lenileni likhale m'pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Ku ofesi iliyonse muzisiya kope, lenileni muzingoonetsa.

Chachitatu: dzifufuzeni nokha bwana asanakufufuzeni

Musadikire tsiku limene ntchito yapezeka. Pemphani kalata ya police clearance nokha, mudziwe chimene boma likudziwa za inu. Yambirani pa polisi yaikulu ya m'boma lanu. Kuno kwathu ndi Chipata Central, ndipo likulu la apolisi a chigawo cha kum'mawa lilinso mumzinda uno. Adzakuuzani malipiro a nthawi imeneyo ndi njira yolipirira, popeza ntchito zambiri za boma tsopano zimalipiridwa kubanki kapena pa ZamPortal, tsamba la boma la pa intaneti. Ndalama iliyonse ikhale ndi risiti ya boma.

Adzakudindani zala zonse khumi. Wapolisi amagwira chala chanu, kuchipaka inki yakuda, kuchigubuduza kuchokera mbali ina ya chikhadabo kufika mbali inayo, chimodzi chimodzi m'kabokosi kake, kenako zala zinayi pamodzi. Lekani dzanja likhale lofewa. Mukalimbitsa, chidindo chimafufutika ndipo pepala likhoza kubwezedwa. Amene mumagwira simenti kapena khasu tsiku lonse, pakani mafuta m'manja masiku angapo musanapite, chifukwa zala zong'ambika sizidinda bwino. Zidindozo zimafananitsidwa ndi zimene zimasungidwa ku likulu la apolisi ku Lusaka. N'chifukwa chake nkhani ya munthu wa pansi pa mtengo wonena kuti afufuta dzina ili yabodza kuyambira pa tsinde: chimene chimafufuzidwa ndi zala, ndipo zala sizisintha ngakhale mutasintha dzina.

Yambani msanga. Lusaka ili kutali, makilomita opitirira 500 pa msewu wa Great East, ndipo mapepala sathamanga ngati basi.

Chachinayi: ngati mwalembedwa zosayenera, pemphani kuti zikonzedwe

Apa m'pamene lamulo lathu limafika pafupi kwambiri ndi kufufuta. Zambia Police Act, Chaputala 107, imapatsa apolisi mphamvu yodinda zala ndi kujambula munthu amene ali m'manja mwawo, koma imanenanso kuti ngati munthuyo sanaimbidwe mlandu, kapena khoti lamumasula, ndipo sanapezekepo wolakwa m'mbuyomo, zidindo ndi zithunzizo ziyenera kuonongedwa kapena kuperekedwa kwa mwini wake. Anthu ochepa amadziwa zimenezi, ndipo ochepanso amapempha.

Choncho ngati kalata yanu yatuluka ndi mlandu umene khoti linakumasulani, kapena mukungofuna kuti zidindo zanu zichoke, lembani kalata kwa mkulu wa polisi yomwe inakugwirani. Ikhale yaifupi: dzina lonse, nambala ya reji, tsiku limene munagwidwa, nambala ya mlandu, mmene unathera, ndi chimene mukupempha. Mangirirani kope la pepala la kukhoti. Kope lina la kalatayo lipite ku likulu la apolisi a chigawo. Popereka, pemphani kuti akudindireni pa kope lanu kusonyeza tsiku limene alandira. Khalani ndi kabuku kolembamo tsiku lililonse limene mwapita, amene munalankhula naye ndi chimene anakuuzani. Lowani mwaulemu, "Bwana, ndabwera kudzatsatira kalata yanga", koma musatope kubwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso vuto lathu la kuno kum'mawa: maina. A Phiri, a Banda, a Tembo, a Zulu, a Mwale ndi a Daka tilipo ochuluka ngati mchenga, ndipo maina oyamba nawonso amabwerezabwereza. Zimachitikanso kuti munthu pogwidwa atchula dzina la mbale wake. Ngati mwapezeka ndi mlandu umene simunaudziwepo, musakwiye n'kuchoka. Pemphani kuti zala zanu zifananitsidwe ndi za munthu amene anaweruzidwa pa mlanduwo. Onjezerani chikalata cholumbira pamaso pa Commissioner for Oaths, munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu, chofotokoza kuti ndinu yani ndipo munali kuti nthawi imeneyo, ndi umboni uliwonse, kaya kalata ya sukulu, ya kuntchito kapena chidindo cha pa pasipoti.

Miyezi ikadutsa popanda yankho, kuli kokadandaula. Human Rights Commission ili ndi ofesi kuno ku Chipata. Kuli Police Public Complaints Commission yomva madandaulo okhudza apolisi, ndiponso Public Protector woyang'ana kusayendetsa bwino ntchito m'maofesi a boma. Zonse zikakanika, loya akhoza kukapempha High Court kuti ilamule ofesi kuchita chimene lamulo likuiuza.

Chachisanu: ngati munapezeka wolakwa koma chigamulo chinali chokhota

Njira yokhayo yochotsa chigamulo ndi mizu yomwe ndi yoti khoti lalikulu lichigwetse. Apilo yochokera kukhoti la majisitireti imapita ku High Court, yomwe imakhalanso kuno ku Chipata, ndipo nthawi yake ndi masiku 14 okha kuchokera tsiku la chilango. Masiku 14 amatha abale akusonkhabe ndalama, akugulitsa nshawa kapena mbuzi. Musadikire ndalama za loya kuti muyambe. Munthu amene ali m'ndende, kaya ku Namuseche kapena kwina, auze mkulu wa ndendeyo tsiku lomwelo kuti akufuna kuchita apilo, fomu ilembedwe. Zifukwa zatsatanetsatane loya adzazikonza.

Nthawi ikadutsa, si kuti zonse zatha. Gawo 324 la Criminal Procedure Code limalola kupempha kuchita apilo mochedwa, koma muyenera kufotokoza chimene chinakuchedwetsani, ndipo zaka zikamachuluka kufotokozako kumalimba. High Court ilinso ndi mphamvu, pa magawo 337 ndi 338, yoitanitsa fayilo ya khoti laling'ono n'kuiunikanso ngati panali cholakwika. Zinthu zoyenera kumuuza loya ndi monga izi: kodi munali ndi womasulira m'chinenero chimene mumamva? Kodi povomera mlandu munavomeradi zonse, kapena munati "ndinatengadi koma inali yanga" n'kulembedwa kuti mwavomera? Kodi munapatsidwa mpata wofunsa mboni mafunso? Kupitirira High Court kuli Court of Appeal, yomwe inakhazikitsidwa mu 2016, ndipo pamwamba pake pali Supreme Court.

Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Board, yomwe ili ndi ofesi ku Chipata ndipo ikugwira ntchito pansi pa lamulo la 2021. Adzakufunsani za kapezedwe kanu. Musapite manja lende. Nyamulani kope la chigamulo, chifukwa loya sangalangize pa nkhani ya pakamwa.

Chigamulo chikagwetsedwa, musaganize kuti uthenga udziyendera wokha. Tengani kope lotsimikizidwa la lamulo la khoti lalikulu, mubwerere pa sitepe yachinayi, mulipereke kupolisi ndi kalata.

Chachisanu ndi chimodzi: chikhululukiro cha mtsogoleri wa dziko

Gawo 97 la malamulo oyendetsera dziko, monga anakonzedwera mu 2016, limapatsa Pulezidenti mphamvu zitatu, atamva uphungu wa komiti yotchulidwa m'gawo 96: kukhululukira munthu wopezeka wolakwa, kaya ndi malamulo ena oti atsate kapena popanda; kusintha chilango kuti chikhale chopepuka; ndi kuchotsa faindi yonse kapena mbali yake. Tazolowera kumva pa wailesi maina a otulutsidwa pa 25 May, tsiku la ufulu wa Africa, pa 24 October, tsiku la ufulu wa Zambia, ndi pa Khirisimasi.

Zitatuzi si chinthu chimodzi, ndipo apa anthu amasokonezeka. Amene chilango chake chafupikitsidwa wangotuluka msanga. Chigamulo chake chilipobe. Chimodzimodzi amene watuluka pa parole, kutanthauza kumaliza chilango ali kunja motsata malamulo amene wapatsidwa, kapena amene wadulidwira masiku chifukwa cha khalidwe labwino. Choncho werengani pepala limene munapatsidwa potuluka, muone mawu enieni amene analembedwa, ndipo musalitaye. Ngati ndi chikhululukiro chenicheni, gawo 18 limati simungazengedwenso pa mlandu umenewo, ndipo pepalalo ndi lamphamvu kuonetsa kwa aliyense wofunsa za mbiri yanu. Komabe musayembekezere kuti buku la apolisi lidzifufuta lokha; perekani kope kupolisi ndi kalata, kuti chikhululukirocho chilembedwe pambali pa mlanduwo.

Kwa amene ali m'kati, pempho limadzera kwa akuluakulu a ndende. Lamulo limanena za munthu wopezeka wolakwa, silinena za mkaidi yekha, choncho amene anamaliza chilango kalekale akambirane ndi loya za kalembedwe ka pempho lake. Chimene chimalimbitsa pempho ndi moyo wanu wa pambuyo pa mlandu. Sonkhanitsani kalata ya anyakwawa kapena amfumu, ya abusa kapena ashehe, ya amene munawagwirirapo ntchito, satifiketi ya ukalipentala kapena kusoka zovala ngati munaphunzira m'ndende, ndiponso, ngati munayanjana ndi amene munawalakwira, mawu awo olembedwa. Ichi ndi chifundo, si ufulu, ndipo palibe munthu angakulonjezeni tsiku. Wonena kuti ali ndi m'bale ku State House amene angaike dzina lanu pa mndandanda, muthaweni.

Chachisanu ndi chiwiri: mlandu wa paubwana

Mu 2022 malamulo anakweza zaka zimene mwana angayambe kuimbidwa mlandu kufika pa 12, ndipo Children's Code Act ya chaka chomwecho inatsegula njira yopatutsa mwana kuti nkhani yake ikonzedwe popanda kuzengedwa ngati wamkulu. Ana ali ndi makhoti awo, ndipo dzina kapena chithunzi cha mwana wokhudzidwa ndi mlandu siziyenera kufalitsidwa. Mwana wanu akagwidwa lero, chinthu choyamba kuthamangira nacho kupolisi ndi umboni wa zaka zake: satifiketi ya kubadwa, khadi ya kusikelo kapena kalata ya sukulu. Mnyamata wa zaka 16 wamtali amalembedwa mosavuta kuti ndi wa zaka 20, ndipo kulakwitsa kumodzi kumeneko kumasintha khoti, chilango ndi mbiri yake yonse. Pemphani kuti ofisala wa Social Welfare aitanidwe. Ngati zinachitika kale ndipo munazengedwa ngati wamkulu muli mwana, chimenecho ndi chifukwa cholimba chokaikira pamaso pa loya.

Chachisanu ndi chitatu: mlandu wa ku Joni

Mlandu umakonzedwa m'dziko limene unaweruzidwira. Apolisi a ku Zambia sangakhudze buku la South Africa. Kumeneko gawo 271B la Criminal Procedure Act yawo limalola kufufuta mlandu pakatha zaka 10 kuchokera tsiku la chigamulo, ngati chilango chinali chopepuka, monga faindi yosapitirira R20,000 kapena ndende yoimikidwa yonse, ndipo munthuyo sanapezekenso wolakwa n'kutsekeredwa popanda mwayi wa faindi m'zaka zimenezo. Mumayamba mwatenga police clearance ya apolisi a kumeneko, kenako pempho limapita ku Department of Justice ku Pretoria. Pempho lenilenilo boma sililipiritsa.

Chomaliza: ngati mlandu ukhalapobe

Ambiri amene anapezekadi olakwa adzafika pano, ndipo ndi amene ndimawaganizira kwambiri. Musagule kalata yabodza. Kupanga kapena kuonetsa chikalata chachinyengo ndi mlandu pa Penal Code, ndipo kupereka chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe pansi pa Anti-Corruption Act ya 2012. Munthu amene anali ndi mlandu umodzi wa zaka 15 zapitazo amadzuka ali ndi watsopano wa chaka chino.

Pa fomu ya ntchito werengani funso mmene lalembedwera. Likafunsa ngati munapezekapo wolakwa, ndipo inu munangogwidwa kapena munamasulidwa, yankho loona ndi ayi. Ngati munapezekadi wolakwa, nenani nokha asanatulukire. Konzekerani mawu ochepa: chimene chinachitika, chaka chake, chilango chimene munamaliza, ndi chimene mwakhala mukuchita kuchokera pamenepo, makalata a umboni ali m'manja. Musatalikitse ndipo musaloze ena chala. Ena adzakukanani ndithu, sindikunamizani. Koma bwana amene wamva kuchokera pakamwa panu amakhala ndi mpata woganiza, pamene amene watulukira yekha patapita miyezi amangoona bodza. Pa mafomu a visa ndiye musayese n'komwe kubisa, chifukwa maiko ambiri amalanga bodza kuposa mlandu wakalewo.

Dziwaninso kuti malamulo athu ena amavomereza kuti nthawi imachiritsa. Gawo 70 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa kuimira uphungu munthu amene m'zaka zisanu zapitazo anakhala m'ndende zaka zosachepera zitatu; zisanuzo zikadutsa, chiletsocho chatha. Ngati munthu wotere angathe kukapanga malamulo ku Nyumba ya Malamulo, sindikuona chifukwa chimene sangalonderere sitolo ku Saturday Market. Mfundo imeneyi ndimafuna aphungu athu a kum'mawa ataitenga n'kuipititsa patsogolo. Bungwe la PRISCCA, limene linayambitsidwa ndi munthu amene anakhalapo m'ndende, lakhala likulankhulira anthu otuluka m'ndende kwa zaka zambiri, ndipo ndi malo ena ofunsirako nzeru.

Palinso mbiri ina imene sikhala kupolisi: chithunzi chanu pa Facebook, chojambulidwa tsiku logwidwa, chimene chimazungulirabe ngakhale khoti linakumasulani. Lemberani amene anachiika, muwatumizire kope la chigamulo, mupemphe kuti achotse kapena alembe mmene nkhani inathera. Data Protection Act ya 2021 imapatsa munthu ufulu wopempha kuti zolembedwa za iye zimene sizoona zikonzedwe, ndipo kutchula lamuloli m'kalata kumathandiza. Kumudzi nako, pepala la kukhoti likawerengedwa pamaso pa anyakwawa, manong'onong'o a pa chitsime amachepa.

Kalata ya mwana wa mlongo wanga inatuluka yoyera, yopanda mlandu uliwonse. Munthu uja ankafuna ndalama zofufutira chinthu chimene kunalibe. Ntchito yaulonda ija inali itapita kwa wina, popeza tinayamba mochedwa, ndipo mnyamatayo analira misozi pakhonde panga. Patapita miyezi itatu anamva za ina pa malo ogulira mbewu ku Katete. Anandiimbira usiku kufunsa ngati kalata yomwe ija ikadali ndi ntchito. Ndinamuuza kuti afunse kaye kumeneko, chifukwa olemba ntchito ambiri amafuna yatsopano, ndipo ngati aifuna akadinditsenso zala m'mawa mwake, atanyamula reji, risiti ndi kope la mizere iwiri ija ya woweruza.